Mkazi Wosaoneka wa a Munthali

Zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu usanalowe mumsika ankayamba akufunsa khadi ya chipani, mu Mzilawaingwe, ku Mzuzu kuno, munabuka mbiri yoti aphunzitsi a Munthali ali ndi mkazi wachibisira ku Nkhorongo, ndipo ine, kunena zoona, theka ndinakhulupirira, theka linalo ndinangolisunga pambali, pakuti nkhani yokoma suitaya chabe chifukwa ilibe mboni. Iwe Towera, khazika mutu bwino ndikuluke, ndipo foni yakoyo usaizimitse, chifukwa chithunzi wandionetsacho, chonga donasi wopserera ali mumdima, chimene mukuti ndi dzenje lakuda la kumwamba, ndicho chandikumbutsa zonsezi. Inu mukuliona lero muli khale pakhonde, chala chili pagalasi, koma ife dzenje limenelo linatsala pang'ono kutipasulira banja la anthu tisanalione n'komwe.

Nthawi imeneyo ine ndinali nditangokwatiwa kumene, malemu agogo anu aamuna akugwira ntchito yokonza misewu, ndipo tinkachita lendi nyumba imodzi yogawidwa pakati, ife mbali ino, a Munthali mbali inayo. Khoma la pakati silinkafika kudenga, moti wina akayetsemula uko, ife kuno tinkati pepani. Anthu ankati ine NyaChirwa ndimamvetsera za eni, koma ndiuzeni, makutu ali ndi chitseko? A Munthali anali bambo wamtali wa ku Rumphi, wophunzitsa sayansi ku sekondale, wosalawa mowa, wosaseka wamba, tayi pakhosi ngakhale Loweruka. Akazi awo anali NyaLongwe, wa kwathu ku Nkhata Bay, mayi wa ana atatu, wosoka pamakina, wolankhula pang'ono koma akalankhula mawu ake ankakhala ngati wakhoma msomali.

Za dzenjelo ndinazimva koyamba Lamulungu lina masana, a Munthali akusewera bawo ndi agogo anu, ine ndikusankha nyemba pambali. Mzungu wina amene ankaphunzitsa nawo anawasiyira magazini pobwerera kwawo, ndipo m'menemo ndimo anatola matendawa. Anati nyenyezi yaikulu ikakalamba n'kufa imadzigwera yokha, n'kufinyika, mpaka kusanduka chinthu cholemera kwambiri chimene chimameza chilichonse chodutsa pafupi, ngakhale kuwala komwe kukalowamo sikutulukanso.

Agogo anu, njere za bawo zili m'manja, anafunsa kuti, “Nanga ngati sichioneka, Ada Munthali, anachidziwa bwanji?”

“Poyamba anachipeza papepala, ndi masamu,” anatero a Munthali. “Kenako anayamba kuyang'ana nyenyezi zoyandikana nacho. Mukaona mbuzi patali ikuzungulira pamalo amodzi, chikhomo inu osachiona, mumadziwa kuti yamangidwa. Ndiye mumawerengera kuti ngati chikhomo chili apa, chingwe n'chotalika chonchi, mbuzi iyenda motere. Mukayang'ana n'kupeza kuti sikuyenda motero, masamu anuwo tayani, muyambirenso.”

Agogo anu anangoti, “Mwe, zamasukulu,” n'kupitiriza kudya njere za anzawo. Koma ine, amene sukulu ndinalekera Sitandade sikisi, ndinamva bwino lomwe, chifukwa ntchito imeneyo ndi imene ife amayi tinkagwira pampope tsiku ndi tsiku. Chibwenzi cha mwamuna wa mwini suchiona ndi maso, umangoona mmene mwamunayo akuzungulirira.

Ndiye chisanu chitangotha, mbuzi yathu inayamba kuzungulira. Dzuwa likapendeka, a Munthali ankatsekula kachipinda kosungira makasu, kamene kiyi wake ankayenda naye m'thumba, n'kutulutsa chinthu chachitali chokulunga m'masaka, kuchimanga panjinga, uyo. Kwa akazi awo ankati akukathandiza ana a mayeso, koma sukulu inali uku, njinga inkaloza uko, njira ya ku Nkhorongo. Musaone Nkhorongo wa lero wa nyumba zamalata ndi mipanda ya njerwa, nthawi imeneyo kunali minda, tchire ndi timisasa apo ndi apo. Pobwera, ana atadya kale, thalauza linali chisoso chokhachokha, mkamwa fungo la tiyi wa tangawizi, ndipo choopsa koposa, bambo wosaseka uja ankalowa m'nyumba akuimba mluzu.

Pampope mkulu wa bwalo lathu anali NyaGondwe, mkazi wa kalipentala, mayi woti akakuyang'ana kamodzi wadziwa kale chimene wadya dzulo. Iye ndiye anayamba masamu. Poyamba anati ndi mayi wamasiye wophika mowa kumeneko. Ine ndinati ngati ndi choncho malaya azinunkha masese, ndipo nditanunkhiza malaya ali pachingwe ndinangomva choko ndi utsi wa nkhuni, masamu amenewo tinataya. Kenako anati ndi namwino wina wa lendi chakumeneko. Tinafufuza masiku amene namwinoyo ankakhala kuntchito madzulo, ndipo tinapeza kuti masiku omwewo njinga inkapitabe. Tinatayanso. Mukuona, ana inu, ifenso sitinali anthu ongolankhula, tinkayesa kaye.

Koma panali zinthu ziwiri zimene ine zinkandivuta. Mukudziwa mmene Mzuzu alili, kumwamba kumatha kuyera mmawa, pofika madzulo mitambo yatseka ngati bulangete. Tsiku la mitambo a Munthali sankatuluka, ankangoima pakhomo kuyang'ana kumwamba, nkhope ngati awabera nkhuku. Ndiponso mwezi ukawala kwambiri sankapita. Ndinafunsa pampope kuti, “Amama, chikondi chanji choopa mitambo? Wakuba sakonda mdima kodi?”

NyaGondwe sanachedwe. “Iwe ndiwe mwana. Kukachita mitambo kumagwa mvula, matope amasunga mapazi a njinga. Mwezi ukawala anthu amuzindikira. Munthu wophunzira amachenjera.”

“Nanga chimtolo chija?”

“Mphasa ndi bulangete.”

“Mkaziyo ndi wosauka chotani, woti mphasa yomwe kumutengera, n'kubwera nayonso?”

“Ndiye chikondi chimenecho,” anatero NyaGondwe, n'kusenza ndowa. Amayi onse anaseka, ndipo funso langa linafera pomwepo. Apa ndiye panasiyana sayansi ya a Munthali ndi yathu: iwo ankati mbuzi ikakana masamu, taya masamu, koma NyaGondwe mbuzi ikakana masamu ankangowonjezera chingwe.

Nkhani ya pampope siuma ndi madzi, inakafika kwa NyaLongwe. Ine ndinamva zonse kudzera pamwamba pa khoma lija. Anafunsa kamodzi, mosakweza mawu, ndipo a Munthali anayankha kuti, “Kulibe mkazi, NyaLongwe. Zinazo sindinganene.” Anafunsa kachiwiri, yankho lomwelo. Kachitatu sanafunse, anavala nsalu yatsopano n'kupita ku Msongwe kukaitana asibweni ake, ndiye kuti amalume, a Mhone.

Tsono a Mhone amenewa sanali amalume wamba, anali tcheyamani wa nthambi ya chipani kwawoko, baji pachifuwa tsiku lililonse, ndipo poyenda ankatsatidwa ndi anyamata a malaya ofiira ngati anapiye. Sanali munthu woipa, koma anali munthu woti chimene wamva sichigona kwa iye, chimakwera mmwamba. Anabwera pamodzi ndi ankhoswa, kuno timati athenga, n'kukhala pabwalo, ine ndikutsuka mbale imodzi yomweyo mpaka inatsala pang'ono kubooka.

“Ada Munthali, mumapita kuti madzulo?” anafunsa a Mhone.

A Munthali anayang'ana baji ija, kenako anayang'ana pansi.

“Ngati ndi mkazi, nenani. Si inu woyamba. Tikambirana ngati akulu.”

“Kulibe mkazi.”

“Nanga kuli chiyani?”

A Munthali anangokonza tayi yawo.

NyaLongwe anangoti, “Asibweni, ine ndikupita kwathu. Munthu wonama n'kumupirira, koma wokana ngakhale kunama sindingakhale naye.” Apo athenga anakhosomola n'kumukumbutsa kuti ng'ombe zinaperekedwa zonse, ndipo mwa mwambo wa kwa amuna ake, iye akapita apita yekha, ana atatu aja ndi a kwa Munthali. Wamng'ono anali atangosiya kumene bere. A Mhone anagamula kuti akumanenso Loweruka mmawa, ndipo ngati mwamuna adzakhalabe duu, mwana wa mlongo wawoyo adzakwera basi ya ku Nkhata Bay tsiku lomwelo. Masiku ano mumangotumizirana mawu pafoni kuti zatha, wina n'kumufufuta mnzake, koma kale banja linkatha pabwalo, anthu akuona, ndipo mayi ankatuluka ndi sutikesi yokha.

Mawa lake NyaLongwe anabwera kuseri kwa nyumba kumene ndinkayanika ufa. “Monire, NyaChirwa.”

“Yewo, amama. Mwagona uli?”

“Kugona kulibe. Ine ndipita ndithu, koma ndimuone kaye nkhope amene wandilanda ana. Undiperekeze. Maso akowo sagona, tsopano agwire ntchito yeniyeni.”

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife pampope tinatha miyezi tikuwerengera, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zongopita kukaona. Tsiku limene kumwamba kunayera tinanyamuka masana, zingwe m'manja ngati opita kunkhuni, ndipo tinakabisala m'udzu pamphambano pamene anthu ankati njinga imasowera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nyerere za ku Nkhorongo sizidziwa mwambi umenewo, zinandiluma malo oti sindingatchule pamaso pa ana. Dzuwa litafiira, njinga ija inadutsa, chimtolo chili pambuyo, ndipo ife tinatsata mapazi ake m'kanjira kokwera mtunda mpaka pamunda wina wa chinangwa, pamene panali kamsasa ka udzu ndi utsi ukufuka.

Tisanaone munthu tinamva mawu, ndipo sanali mawu a mkazi.

“Mwanama, aphunzitsi! Mwanama ndithu!”

Tinakwawa m'chinangwa muja n'kusuzumira. Anali Che Saidi, Msilamu wa ku Mangochi wogulitsa nsalu m'tauni, bambo wonenepa wa kapu yoyera amene tonse tinkamudziwa, ndipo munda unali wake. Ketulo ili pamoto. Pakati pa awiriwo panaima chipaipi chonga cha madzi a padenga, chili pamiyendo itatu ya matabwa, kukamwa kwake kuli galasi, chaloza kumpoto. Mphasa ya NyaGondwe inali imeneyo.

“Ife mwezi wosala kudya sitiuyamba chifukwa kalendala yanena,” ankatero Che Saidi, chala chili m'mwamba. “Timadikira munthu auone ndi maso ake, abwere anene. Inu dzenje lanulo mboni yake ndani?”

“Koma tsiku loti mukaime panja, ndi mbali yoti muyang'ane, amakuuzani ndani, Che Saidi? Si kalendala yomweyo? Popanda masamu bwenzi mukuyang'ana kummawa.”

“Eya, kalendala imatiuza koyang'ana. Koma ikanena kuti lero, mwezi osaoneka, timatsata maso, pepala timaliika m'thumba.”

“Nyenyeziyo ikusuntha. Mlungu watha inali apa, lero ili apa.”

“Mwendo wa chipaipi chanu ndi umene ukusuntha, chiswe chadya!”

Onse awiri anaseka, a Munthali mpaka kugwira m'mimba, kuseka kumene ine sindinakumvepo kudzera pakhoma lija chilowereni m'nyumba imeneyo. NyaLongwe anadzuka m'chinangwa muja, anakutumula nsalu yake, n'kuyenda molunjika ngati akupita kukapereka chopereka kutchalitchi.

“Odi kuno.”

Ndaonapo amuna ogwidwa ndi akazi a eni, ana inu, ndawaonapo angapo, koma sindinaonepo nkhope ngati ya a Munthali tsiku limenelo. Sanafunse kuti mwabwera bwanji. Anafunsa kuti, “Wakuonani ndani? Mwabwera ndi ndani?” Ndiye ine ndinatulukira, chisoso mpaka m'mutu. Atandiona anangokhala pansi padothi, tayi ndi tayi, n'kuti, “Chiuta wane. Pa anthu onse a mu Mzuzu, NyaChirwa.”

Ndinakhumudwa pang'ono, koma ndinamvetsa. Inu simungadziwe, chifukwa lero mumajambula chilichonse, ndege, apolisi, maliro omwe, palibe wokufunsani. Nthawi imeneyo mphunzitsi wa kumpoto kuno, kupezeka patchire madzulo ataloza chipaipi kumwamba, akulemba manambala, akanati akulankhula ndi zigawenga za kunja kwa malire, kapena akuwerenga ndege za boma. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo, ndipo ukafunsa kuti apita kuti, nawenso unkawatsatira. Che Saidi naye sitolo ikanatsekedwa. Awiriwa anadziwana m'sitolo momwemo, a Munthali atamva Che Saidi akudandaula kuti mitambo ya Mzuzu imawabisira mwezi, ndipo magalasi a m'chipaipicho anali a mzungu uja wa magazini.

NyaLongwe anazungulira chipaipi chija kamodzi, ngati akuyendera mkazi mnzake. “Ndi ameneyu?”

“Ndi telesikopu, NyaLongwe.”

“Ndionetseni chimene mumaona.”

Apo n'kuti nyenyezi zitayamba kutuluka. A Munthali anadzuka, anasuntha chipaipi uku ndi uku kwa kanthawi, kenako anati ikani diso apa. NyaLongwe anawerama, dzanja limodzi lagwira nsalu m'chiuno.

“Ndikuona kanyenyezi.”

“Eya, komweko. Kamazungulira chinthu.”

“Sikakuzungulira. Kangokhala.”

“Kamazungulira pang'onopang'ono. Dzenjelo lili pambali pakepo.”

“Pambali pake palibe kanthu.”

“Ndi lomwelo.”

Che Saidi anaomba m'manja. “Mayi, Mulungu akudalitseni! Mawu amenewo ndakhala ndikuwanena mpaka ndevu zachita imvi. Khalani pansi mumwe tiyi.”

Nanenso ndinaikapo diso, musaganize kuti ndikanalola kubwerera osaona, koma ndinangoona nsidze zanga zomwe ndi kadontho konga njere ya mchere. A Munthali anaumirirabe kuti iwo akhala akukaona kakusuntha, kuti diso limafuna kuzolowera. NyaLongwe anaweramuka n'kuwayang'ana.

“Ndiye mumati ine ndikwere basi, ndisiye ana atatu, chifukwa cha palibe kanthu?”

“Ndikananena pamaso pa asibweni anu, anawo akanatsala ndi mayi koma opanda bambo. Ndinaona kuti bola mundide muli kwanu, kusiyana n'kuti muzindifunafuna m'mandende.”

“Ine simukanandinong'oneza?”

A Munthali anangoyang'ana ine. Khoma lija, mukuona.

Tinamwa tiyi wa tangawizi uja, ndi mandasi okoma chomene, ofewa, oti mwamuna sangaphike. Ndinafunsa kuti waphika ndani, Che Saidi anati mlongo wawo wamasiye amene amakhala nawo. Mlongo ameneyo ine sindinamuonepo mpaka lero, ndiye theka langa lija la chikhulupiriro ndikadali nalo penapake, sindinalitaye lonse. Koma zimenezo ndi zanga.

Pobwerera, a Munthali akukankha njinga, chipaipi atachisiya kumsasa, NyaLongwe anayenda patsogolo mpaka titayamba kuona nyali za mu Mzilawaingwe. Kenako anaima.

“Loweruka mukavomera.”

“Ndikavomere chiyani?”

“Mkazi.”

“Koma NyaLongwe, kulibe...”

“Asibweni akufuna yankho. Mukati kulibe kanthu, atuma anyamata awo adzakutsateni ngati mmene takutsatirani ife. Mukati chipaipi, mwapita. Mukati mkazi, aseka, akulipiritsani mbuzi, nkhani yatha. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Inu ndi masamu anu onse simunaone zimenezi?”

Kenako anatembenukira kwa ine. “Ndipo iwe NyaChirwa, mawa pampope ukanene kuti wamuona ndi maso ako. Umupange bwinobwino, koma asakhale munthu woti angamupeze. Za chipaipi ukangotsegula pakamwa, amuna ako nawonso amasewera bawo ndi a Munthali, adzawafunsa.”

Ana inu, chibadwire changa anthu akhala akundiuza kuti tseka pakamwa, koma tsiku limenelo lokha ndinapemphedwa kuti nditsegule, ndipo ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndinamupanga woyera khungu, wa mpata m'mano, wa ndolo zazikulu, wodzola mafuta onunkhira a ku Zambia, ndipo ndinati titamupeza analira, n'kulonjeza kuti akwera lole yobwerera kwawo kumalire. Amayi anasiya ndowa zikusefukira. NyaGondwe anamenya pachifuwa n'kuti, “Sindinanene ine? Nanga mphasa ija?” Ndinati, “Mphasa ndithu, amama, yamawangamawanga.” Pofika madzulo panali amayi atatu amene ankalumbira kuti anakumanapo naye kuchigayo, mmodzi mpaka anati anamubwereka lichero osabweza.

Loweruka a Munthali anavala tayi yakuda, anagwada pabwalo pamaso pa a Mhone ndi athenga, n'kunena ndi mawu a munthu wowerenga pabolodi kuti, “Ndinalakwa. Kunali mkazi. Ndamusiya.”

A Mhone nkhope inamasuka ngati alandira mlendo wa kutali. “Basi! Mwamuna ndi ameneyo. Mumativutitsiranji masiku onsewa? Mapanga awiri avumbwitsa, Ada Munthali. Ine ndimayesa mwina ndi zina, zija zoipa zija.” Anagamula mbuzi imodzi ya chipepeso, ndipo anamuuza NyaLongwe kuti amasule sutikesi. Basi ya ku Nkhata Bay inapita yopanda NyaLongwe, ana anadya ndi mayi awo tsiku limenelo ndi masiku onse otsatira.

Koma musaganize kuti zinali zaulere. Kutchalitchi anawaimitsa a Munthali pa mgonero kwa nyengo ndithu, ankakhala pabenchi la kumbuyo pamodzi ndi oledzera, munthu woti chikhalire sanagwirepo dzanja la mkazi wa mwini. Ana a sukulu ankaimba mluzu akamadutsa. Azibambo ena amene kale sankawalankhula anayamba kuwapatsa moni wa ulemu, poti tsopano aona kuti nawonso ndi munthu. Ndipo mbuzi ija ndinaiona ku Msongwe, itamangidwa pachikhomo kuseri kwa nyumba ya a Mhone, ikuzungulira monga mwa masamu.

Ine nkhani yaikulu kuposa zonse zimene ndinakhalapo nazo ndinaisunga m'mimba mpaka zipani zitachuluka, ndipo mmene ndinkati ndiinene, anthu anakana. NyaGondwe, ali nkhalamba ya ndodo, anandiuza kuti, “Usaname iwe, mkazi uja tonse tinamuona.” A Munthali anamwalira osaona chithunzi chanucho, Che Saidi anabwerera kwawo kalekale. NyaLongwe alipo, amakhala ndi mwana wake wamng'ono uja ku Msongwe, ndipo mdzukulu wake atamuonetsa chithunzi chomwechi pafoni, akuti anavala magalasi, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, “Ndiye mkazi mnzanga uja ndi ameneyu? NyaChirwa ananama, si woyera.”

Ndiye inu amene mukupita kusukulu zazikulu, werengerani ndithu, masamu ndi abwino, amakuuzani koyang'ana, ndipo a Munthali pamapeto pake pepala lawo silinaname. Koma mukawerengera, nyamukani mukaone, nyerere zikulumeni pang'ono, ndipo mukapeza kuti mbuzi sikuyenda mmene munanenera, musawonjezere chingwe. Makamaka ikakhala nkhani ya banja la mwini. Tembenuka, Towera, katsala kamzere kamodzi.

Chotsiriza ndinachimva Loweruka la mlandu lija masana, alendo atabalalika, ine nditakhala m'nyumba mwathu ndikusoka batani pafupi ndi khoma, poti kuwala kunali bwino pamenepo. Makina a NyaLongwe ankalira, kenako analeka.

“NyaLongwe,” anatero a Munthali, “lero ndavomera bodza. Ndivomereko choona chimodzi.”

“Nenani.”

“Inenso sindinaonepo kanthu. Kanyenyezi kaja sikanasunthepo ndi kamodzi komwe. Chipaipi chija n'chaching'ono, sichingaone zimenezo, amene amaziona ali ndi makina aakulu ngati nyumba. Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba.”

“Nanga munkapitiranji?”

A Munthali anatsitsa mawu. “Kusukulu ndikalankhula ndimayamba ndayang'ana pawindo. Kutchalitchi chimodzimodzi. Kumunda kuja ndi kokhako kumene munthu amandiuza kuti mwanama, ine n'kumuyankha mokweza kuti wanama ndiwe, tonse n'kukagona kwathu. Koma Che Saidi musakawauze. Akangodziwa, tidzasowa chokangana.”

Makina anayambanso kulira, ndipo pakati pa phokosolo ndinamva NyaLongwe akuti, “Mudikire mwezi uno uthe, anthu aiwale. Mukamadzapitanso muzidzera njira ya kusukulu, ndipo muzitenga juzi. Kumtunda kuja kumazizira.” Kenako anakweza mawu pang'ono, makina osawaimitsa n'komwe, “Wamva, NyaChirwa? Izinso ndi za m'mimba.”

Ine ndinati, “Yewo, amama.”